Mwana wa Mlongo Alowe Dzina

Bambo okonza njinga pa Chiwalo sasewera nawo, koma achinyamata akangoyamba masewero a madayisi, momwe aliyense amakhala munthu wa m'nthano, iwo amaika sipanala pansi. Buku la malamulo salikhulupirira. Amangoti, "Analembawo si akuno."

Loweruka lina mlenje wa m'nthanoyo, amene Jalia, mmodzi wa achinyamatawo, ankamusewera kuyambira nyengo ya nandolo, analumidwa ndi njoka n'kufa. Buku linati Jalia atuluke m'masewerowo. Misozi inalengeza m'maso.

"Mlenjeyo analibe mlongo?" anafunsa bambowo.

"Anali naye."

"Nanga ukuliranji? Mwana wa mlongoyo alowe dzina, atenge uta ndi munda womwe."

Mtima wa Jalia unakhala pansi. Steve, woyendetsa masewerowo, analiyang'ana bukulo, n'kulitseka, n'kulikhalira.