Mafani anga pa maliro a ba Malambo

Pa nkhani yonenerera mtengo, mu Chongwe muno mulibe wondiposa. Ine ndi uja ndinanenerera mpaka kondakitala wa minibasi anandipepesa. Ogulitsa akandiona ndikubwera amayamba kumeza malovu.

Choncho Lolemba lapitali, nditapita ku Lusaka kukafuna mafani opemerera mphepo yoziziritsa kompyuta yanga, ndinalowa m'kashopu kena ngati mwini malo. Kompyutayo ndinaimanga ndekha, chidutswa ndi chidutswa, yosewerera magemu. Inde, imvi ndili nazo, musandiyang'ane choncho. Vuto lake, kutentha kwa Okutobala kukafika imazima pakati pa mpikisano, ine nditatsala pang'ono kupambana.

Mwini shopu, mkulu wina wa mimba yake, anatulutsa mafani akuda, olemera ngati njerwa.

"Aya si ya mu nyumba, bosi," anatero. "Yanachoka ku mamashini ya kampani, mu chipinda mwamene simunkala bantu. Yapanga chongo."

Ndinaseka mumtima. Njira imeneyo ndimaidziwa: kukuletsa chinthu kuti uchifune kwambiri. Ndinatchula mtengo wochititsa manyazi, ndikuyembekeza kuti tilimbana mpaka dzuwa kupendeka. Iye anangoti, "Tengani." Anandiikira m'pulasitiki, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Wogulitsa anakuperekezanipo inu? Pamenepo ndi pamene ndinayenera kuchita mantha.

Tsiku lomwelo, nditatsika minibasi pa njira ya ku Chalimbana ndi katundu wanga, ndinamva kulira. Ba Malambo, mdala wa munda woyandikana ndi puloti yathu, anali atamwalira. Banja lawo ndi la kuno kuyambira kalekale. Ife ndife obwera, a mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Mkazi wanga, amake Tiza, anamanga chitenje n'kupita kukathandiza kuphika, ndipo ankapita m'mawa uliwonse. Tsiku loika maliro anandifunsa ngati ndipita nawo. Ndinati mutu ukundiwawa.

Mutuwo unapola geti itangotsekeka.

Ndinatsegula kompyuta, kuchotsa timafani take taulemu tija, n'kuikamo zilombozo. Mabowo sankagwirizana, ndiye ndinamanga ndi waya. Nthambo zake ndinalumikiza molunjika, popanda chochepetsera liwiro. Malaiti anali atapita dera lonse, koma ine ndili ndi sola ndi batire. Ndinadina batani.

Munaimapo pafupi ndi chigayo? Wonjezeranipo ndege imene ikunyamuka, ndi nkhumba imene ikuphedwa. Makatani anaima chopingasa. Galu wathu anadumpha ngalande osacheuka. Munthu wanzeru akanazimitsa. Ine ndinavala mahedifoni, n'kuyamba kuthamangitsa galimoto pa sikirini, ndikudziyamikira kuti makina akuzizira ngati madzi a mumtsuko.

Sindinaganize kuti malaiti akapita kuno kumakhala zii, moti ngakhale tambala wa kutali ku Palabana ungamumve. Sindinaganizenso kuti kuseri kwa mpanda wanga abusa anali atangoyamba pemphero, bokosi la maliro lili pabwalo.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mwala umene unagwera padenga. Nditavula mahedifoni ndinamva geti ikugwedezeka. Ndinasuzumira pawindo. Pamwamba pa mpanda panali mitu ya anthu, ena mwa iwo azibambo ochokera kokumba manda, makasu ndi mafosholo akadali m'manja.

Ndinazimitsa. Phokoso linatsika pang'onopang'ono ngati chinthu chokana kufa, ndipo bata limene linatsatira linali loopsa kuposa phokosolo.

Ndinatsegula geti. Kutsogolo kunali ba Joni, mwana wamkulu wa malemu, maso ali psuu.

"Ba neba, ni chani chamene musunga mu nyumba?"

"Ni kompyuta chabe, ba Joni."

"Kompyuta ilira so? Ise tishika batate, imwe muliza vintu. Tiyeni tikachione."

Analowa ndi akulu angapo, ena onse n'kudzaza pakhomo ndi m'mawindo. Anati ndiyatse. Chitangokuwa, amayi ena anabwerera m'mbuyo akuitana Mulungu. Pofuna kuwaonetsa kuti ndi mphepo chabe, ndinaloza ndi chala. Ndinaloza pafupi kwambiri. Fani inanditema nsonga ya chala, magazi n'kuwazikira pa makina ndi pa malaya anga.

Ndinathothola nthambo. M'bata lomwelo, kumbuyo kwa khamu, munthu amene sindinamuone anayankhula motsitsa mawu.

"Chidya magazi. Na kubwera chinabwera siku yamene mudala anafa."

Inu amene mumakhala kuno mukudziwa kulemera kwa mawu otere. Safuna mboni. Amangofuna munthu mmodzi woti awabwereze mokweza. Tonse tinamvapo za nyumba zimene zinasanduka phulusa chifukwa cha kunong'ona kotere. Ine wa pakamwa pakuthwa ndinadzifunsa ndekha. Khamu unganenerere nalo bwanji? Ungayambire pati? Ndinaona bambo wina pakhomo akusintha kagwiridwe ka fosholo, ndipo ndinayamba kuyeza ndi maso ngati ndingakwane pawindo la kumbuyo.

Pamenepo khamu linang'ambika pakati. Analowa amake Tiza, chitenje chili mwaye wokhawokha, maso ofiira ndi utsi, manja akununkha anyezi.

"Batate bake Tiza! Si ndimwe munakamba kuti mutu ubaba?" Anatembenukira kwa anthu. "Mufuna kuziba ufiti wa aba? Ni tumotoka twa pa sikirini. Mudala na imvi, ankala apa vuum, vuum, na pakamwa! Akaluza alira monga mwana. Nkalani pansi imwe, mubaonetse."

Ndinakhala. Chala chokulunga m'kansanza, mafani akukuwanso, ndinayendetsa kagalimoto kanga pamaso pa anamalira. Kagalimotoko kanagunda khoma pa kona yoyamba. Wina pawindo anaphulika ndi chiseko. Kenako ena. Mayi wina anafuula, "Amake Tiza, muvutika mwandi! Kanshi mulera bana babili!"

Fosholo ija inatsika.

Ba Joni sanaseke. Anangoti, "Zimyani. Mubwere munyamuleko bokosi." Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, sindinanenerere.

Bokosi lili paphewa, ndinali ndi mpata woganiza. Ife obwera timanenerera puloti, njerwa, simenti, ngakhale misomali. Timamanga mpanda wautali kuti akuba asaone za m'kati. Koma mpanda umene umabisa katundu umabisanso nkhope, ndipo anthu akapanda kukudziwa amakupangira okha mbiri. Timatuluka kusanache, timabwera dzuwa litalowa, galasi la galimoto lili chotseka. Kodi aneba anu akamva chachilendo kwanu, alipo amene angaime pakati n'kunena kuti, "Uyu timamudziwa, ndi wopusa chabe"? Ine sanandipulumutse sola kapena geti. Anandipulumutsa anyezi amene mkazi wanga anadula pa maliro aja.

Tsopano pamsewu amanditcha ba Vuum, ndipo ndimayankha mwansangala, chifukwa munthu amene akusekedwa amagona m'nyumba mwake. Kompyuta yabwerera ku timafani take takale. Ikatentha imazima, ine n'kuithokoza. Koma mawu aja a kumbuyo kwa khamu mwini wake sindinamudziwe. Aliyense amene ndimamupatsa moni, ndimamvetsera kayankhulidwe kake, kenako ndimakayesanso loko wa pa geti.

Dzulo ndinabwerera ku kashopu kaja ndi mafani m'pulasitiki yomwe ija. Mkulu uja anayang'ana bandeji pa chala changa.

"Ninakuuzani, bosi. Kuno sitibweza."

Anandiperekezanso mpaka pakhomo.

Ndiye ndiuzeni, inu owerenga. Mtengo ndinatchula ndine, iye sanawonjezere kanthu. Pakati pa ine ndi mkulu uja, anapambana ndani?