Chipu Chimene Sindinatseke

Kwathu kuno Seputembala ndi mwezi wa nazale za fodya, ndipo nkhani imakhala madzi basi. Ine ntchito yanga ndi yopanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola. Kabokosi kamayatsa pampu dzuwa likakwera, nkuzimitsa thanki ikadzaza kapena chitsime chikaphwa. M'kati mwake muli chipu chaching'ono ngati chikhadabo, chimene sichidziwa kanthu mpaka utachiikira pulogalamu. Pulogalamuyo ndinailemba ndekha, zaka ziwiri ndikukonza apa ndi apo. Ukamaliza kulemba, kompyuta imasandutsa zonsezo kukhala fayilo imodzi ya manambala okhaokha, ndipo ndiyo imalowa mu chipu kudzera pa kachingwe.

Chaka china laputopu yanga inafa mu Ogasiti, fumbi litaimaliza. Sindinade nkhawa kwambiri poti zonse zinali pa fulashi, zolemba zanga ndi fayilo yomwe. Ndinkangoti mawa ndikopera kwina.

Kenako kapitawo wa esiteti ina ku Chisemphere anaimba foni kuti akufuna timabokosi tinayi. Matenanti ake ankatunga madzi ndi makeni kuchokera kudambo, mbande zikufota. Ndinalumikiza mawaya masiku atatu, ndinabwereka laputopu kwa aphunzitsi oyandikana nafe, ndinalowetsa fulashi. Munali nyimbo za kwaya.

"Mayi, fulashi ija ya m'thumba la jekete munaigwira?" ndinafunsa akazi anga.

"Eya, ndinapita nayo kuja amaika nyimbo. Ananena kuti ili ndi mavairasi, ndiye anayamba aipukuta. Kodi munali zofunika?"

Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba, ndinalowanso. Ndinayesa njira zonse zobwezera zofufutidwa, koma nyimbo zinali zitakhala pamwamba pake. Kulakwa sikunali kwawo. Fulashiyo inalibe chizindikiro, ndipo sindinawauzepo kuti ntchito yanga yonse ili m'menemo.

Timabokosi tanga tinali tikugwira ntchito m'midzi yambiri, ku Simlemba mpaka kufupi ndi paki ya nyama zakutchire, ndipo kalikonse kanali ndi fayiloyo m'kati. Koma ndinali nditazitseka ndekha. Chipu chimatheka kutsekedwa kuti munthu asakopere za m'kati mwake, ndipo ukakakamiza kutsegula chimafufuta zonse. Ndinayamba kutero nditamva kuti munthu wina pa boma anatsegula kabokosi kanga kuti azipanga take. Ndinatsekera wakuba kunja, nanenso ndinatsalira kunja komweko.

Masiku awiri chakudya sichinkatsika. Ndinkakhala pansi, kuimirira, kutsegula bokosi la zipangizo, kulitsekanso. Tsiku lachitatu m'mawa, ndikutsuka m'kamwa, ndinakumbukira kabokosi koyambirira kenikeni, kamene ndinayesera pa dimba la apongozi anga aamuna ku Lisasadzi. Nthawi imeneyo zotseka ndinali ndisanaziganize.

Ndinakwera njinga yamoto laputopu yobwereka ili kumsana. Ndinawapeza apongozi ali pansi pa mtengo wa mango, akusoka thumba la feteleza. Anandipatsa mpando. Anafunsa za mwana wawo, za adzukulu mmodzimmodzi, za mayi anga ndi mwendo wawo, za mvula ngati ibwere msanga. Ine ndinkayankha mwaulemu, koma maso anga ankangothamangira kudimba.

"Mwabwera ndi moto, atate," anatero potsiriza. "Kwagwanji?"

"Bambo, kabokosi kaja ndinakuikirani pa pampu, kakadalipo?"

"Kaja? Ndinakachotsa chaka chatha. Kankazimitsa pampu ine ndisanathe kuthirira. Ndinangolumikiza mawaya mwachindunji."

"Munakataya?"

"Chinthu cha mkamwini sataya."

Anandilondolera ku chigafa, kumene amayanika fodya. Anakwera pa chitsa, napisa dzanja kudenga, natsitsa jumbo yakuda. Kabokosi kanali m'menemo, kodzaza ndi fumbi la fodya ndi zisa za mavu a dothi. Ndinakapukuta ndi burashi, ndinapana chipu ndi kachingwe, ndinauza laputopu kuti iwerenge. Inawerenga. Ndinawerenganso kachiwiri kuti ndifananize, ndipo mafayilo awiriwo anasiyana. Kachitatu anasiyananso. Kachingwe kankangosuntha m'manja mwanga.

"Bweretsani kuno," anatero apongozi. Anakhala pa chitsa, napana kachingweko ndi zala zawo zokhakhala zija, osapuma mwamphamvu, ngati akugwira mbalame. Ndinawerenga katatu. Katatu konse fayilo inatuluka yofanana.

Pomwepo, m'chigafa momwemo, ndinaitumiza ku imelo yanga, ndinaikanso pa foni. Netiweki inali yovuta, ndiye ndinayenda mpaka pa chulu foni ili m'mwamba. Apongozi ankangondiyang'ana.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Nditayesa kunyumba, ndinapeza kuti fayiloyo inali yakale, ya nthawi imene ndinali ndisanaphunzitse kabokosi kuzimitsa pampu chitsime chikaphwa. Ndipo fayilo ya manambala sungaikonze monga ukonzera zolemba zako. Ungathe kungoikopera mmene ilili.

Ndinaiikabe m'timabokosi tinayi tija, ndinapita nato ku Chisemphere ndipo ndinawauza akapitawo zoona: pampu iziyaka yokha, koma chitsime chikatsika pafunika munthu wozimitsa, apo ayi ipsa. Anang'ung'udza, kenako anaitana mayi wina mwa matenanti, wochokera ku Mulanje, amene nazale yake inali pafupi ndi chitsime chimene mapampu onse anayi ankakokamo madzi. Mayiyo anamvetsera, anamanga mwala ku chingwe, namanga mfundo pamene madzi sayenera kutsikirapo. Mpaka mvula inagwa, ankayeza katatu pa tsiku, ndipo palibe pampu imene inapsa.

Pulogalamu ndinailembanso dzinja lonse, zina ndikukumbukira, zina ndikuyamba pachiyambi. Masiku ano fayilo iliyonse ili ndi tsiku lake m'dzina, ndipo imakhala malo atatu: pa imelo, pa laputopu, ndi pa memori khadi imene ili m'kachitini kwa mchemwali wanga ku Simlemba. Zipu za makasitomala ndimatsekabe, koma pa gulu lililonse ndimasiya chimodzi chosatseka m'kabati. Ngakhale zili choncho, ndikakhala pa ulendo ndimapezeka ndaima m'mbali mwa msewu, injini ikulira, ndikutsegula foni kuti ndione ngati fayilo ilipo.