Goro Khumi ndi Asanu ndi Awiri a Malam Tanko

Malam Tanko anagulitsa goro, mtedza wowawa wotafuna, pamsika wa mumzinda wa Kano zaka makumi atatu. Akazi awo atamwalira, opepesa anamwazika, iwo n'kutsala pamkeka miyezi inayi. Miyendo inatupa, chakudya chinkabwerera m'mbale, ndipo pofika kumzikiti wapafupi ankakhala ali wefuwefu.

Mwana wawo Talatu anawakokera kuchipatala.

"Bambo, chisoni chanu chasanduka matenda," anatero dokotala. "Matendawa amatha kukalambitsa msanga tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Zaka zanu ndi 63, koma thupi lathamangira kutsogolo. Imwani mankhwala, muziyenda, muzicheza ndi anthu. Mukapitiriza kugona, simudzadzukanso."

"Tizigawo tosaoneka ndi maso," anang'ung'udza a Tanko, n'kubwerera pamkeka.

Lachisanu kunabwera a Inuwa, mnzawo wa benchi limodzi kumsika.

"Akulu, mwafa kapena mukungoyeserera? Dengu lija munalitsegula liti?"

Goro safuna kuiwalidwa. Amasungidwa m'masamba, ndipo pakapita masiku umamutsegula, kuchotsa wovunda, kuwaza madzi. A Tanko anali asanaligwirepo dengu lawo chichitikireni maliro.

Analitsegula. Wapamwamba anali atakwinyika ngati chigongono. Anayamba kufinya mmodzimmodzi, kutaya, kufinya, kutaya. Pa goro mazana awiri, olimba anapezeka pakati penipeni.

"Angati?" anafunsa a Inuwa.

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

"Ochuluka kuposa mano anu."

A Tanko sanaseke. Anayang'ana manja awo okwinyikawo nthawi yaitali, kenako anaitana: "Talatu, madzi! Ndi mankhwala aja."

M'mawa anavala chipewa, goro mmodzi m'thumba. Kumsika ndi mapazi zikwi ziwiri. Anayenda mazana atatu, nagwera pabenchi la wometa tsitsi. Goro sadyedwa pawekha, ndiye anamuswa pakati, nagawana, nacheza. Mawa lake anapitirira mpaka kwa telala, goro wina m'thumba. Masiku ena miyendo inkakana, mtima n'kumati gona, koma goro ankachepa m'masamba, ndipo anali atalumbira kuti womaliza akadyera kumsika.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri anafika, thukuta lili kamukamu. Anaswa womalizayo n'kupatsa a Inuwa theka.

"Wowawatu uyu," anatero a Inuwa.

"Sendezani miyendo, akulu. Mwakhala pamalo panga."