Jivi anathera pa mwana wanga

Amayi anzanga, usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano thupi langa lili lefu. Koma ndiyambire patali kuti mundimve bwino. Mwezi watha ndinadula kachingwe kamankhwala kamene apongozi anga anamumanga Pempho m'chiuno ali wakhanda. Ndinati mwanayu tinamupereka kwa Mulungu, amusunga yekha. Apongozi sanakalipe ayi, anangoti, "Chabwino mayi a Pempho, mwana ndi wanu." Pano sabata ikutha mwana akutentha thupi. Kuchipatala tinapita, mankhwala a malungo akumwa, koma ine sindikugona. Kupemphera ndapemphera mpaka mawu andithera. Ndatopa abale, ndisaname.

Ndiye ndinalota tili m'tchalitchi, koma tchalitchicho chinalibe denga, pansi pali madeya okhaokha. Tonse tinali pamzere ndi ana kumbuyo. Kutsogolo kunali mayi wina wogulitsa tomato kumsika kwathu, atavala zakwaya, akupaka ana jivi ndi nthenga. Jivi yemwe uja wa pazilonda, amene timapaka anapiye kuti kabawi asawazindikire. Mwana akapakidwa mutu wonse, make amatuluka naye akuseka. Palibe amene amadabwa, ngakhale ineyo.

Mzere sumayenda. Pempho amalemera ngati thumba la simenti, nsalu n'kumangomasuka, ine n'kumangomanganso. Kenako ndinafika. Mayi uja anapendeketsa botolo, kuligogoda kumatako, osatuluka ngakhale kadontho. "Watha mayi. Mukanabwera ndi jivi wanu."

Ndiye ndinangopezeka ndili pabwalo la mpira la kusukulu imene ndinaphunzira, ndekhandekha, popanda ndi mtengo womwe. Mwana uja tsopano anali kamwanapiye koyera mbee m'manja mwanga, koma ndimadziwa kuti ndi Pempho chifukwa kamatentha. Kumwamba kabawi amazungulira mosafulumira. Ndinapisa m'thumba kufuna kachingwe kaja, ndinangopezamo lumo limene ndinadulira. Ndinati ndikuwe monga timachitira pothamangitsa kabawi, mawu osatuluka. Ndinati ndipemphere, ndinangoti "Ambuye," basi, zina zonse zinandithawa. Ndinangogwada, kumuvundikira ndi chifuwa, n'kunena mumtima kuti ine mphamvu zanga zathera pano.

Kenako kunada bii. Ndinati basi, watitenga. Koma mdimawo unali wofunda, ukumveka fungo la nkhuku yofungatira. Chinthu china chachikulu chinatikhalira pamwamba tonse awiri, chosalemera, ndipo ndimamva mtima wake ukugunda pamsana panga. Kunjako zikhadabo zimakanda, kukanda, koma osatifika. Nkhope yake sindinaione. Sichinafunse n'komwe ngati mwana wapakidwa kapena ayi. Ndiye ine, munthu woti sabata yonse ndakhala ndili maso, ndinagona m'malotomo. Tulo tokoma, amayi inu, toti ndinali nditaiwala kuti tiliko.

Kukanda kuja kunasanduka kugogoda, ndipo ndinadzidzimuka. Kuwala kwa dzuwa kunali kutalowa kale m'nyumba, Pempho ali pachifuwa panga, bulauzi yanga itanyowa ndi thukuta lake. Thupi lake likadali lofunda, kaya latsikako, kaya ndi dzanja langali latopa kuyeza, sindikudziwa. Wogogodayo anali apongozi, maso ali psuu, nawonso sanagone. Anandiika kachingwe katsopano m'manja n'kunena motsitsa, "Sindikukukakamizani ayi. Koma ameneyu ndi wanganso."

Kachingweko kali pawindo pano. Sindinamumange, komanso sindinakataye. Inu odziwa maloto ndi Mawu a Mulungu, tandithandizani, chinatifungatira chija chinali chiyani? Ndipo bwanji chinadikira mpaka ine nditagwa? Apongozi abweranso madzulo ano kudzaona m'chiuno mwa mdzukulu wawo. Ndiwayankhe chiyani?