Dothi la m'dambo la ku Joni

Anzanga, mukafuna munditche wabodza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, sindinachite kumva kwa munthu ayi. Inali nthawi imene ulamuliro wa tsankho wa azungu unkapita kumapeto, ndipo ine ndinali nditatsatira amuna anga ku Joni, komwe ankagwira ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu. Tinkachita lendi kachipinda kakuseri ku Troyeville.

Nditaima, mtima wanga unangoti dothi. Amayi anzanga mukudziwa, kodi chilakolako chimenechi chimamva zonena? Amuna anga anandigulira la pamsika, ndinalavula, linkangomveka ngati choko. Ine ndinkafuna lakwathu ku Machinga, lotuwa lija la m'dambo, lonunkhira ngati mvula yoyamba, limene mayi anga ankaliwamba pa phale. Kunena zoona, ndinkasowa amayi, ndinkasowa kwathu, moti ndinkalira ndikuchapa.

Tsiku lina mayi wina wa ku Mangochi, woyandikana naye, anandinong'oneza kuti kuseri kwa mapiri achikasu a mchenga wa m'migodi kuli dambo. Tinapita. Mayo ine! Mabango ataliatali, mphepo ikuwaweramitsa, ndendende kwathu. Madzi ake oyera mbee, mpaka pansi kuoneka, ndipo paja kwathu madzi oyera ndiwo abwino. Ndinagwada, ndinasamba kumaso, ndinakumba dothi lodzaza chitini. Linkawawirako pang'ono, koma ndinati ndi malovu a pakati. Ndinadya miyezi, likatha ndinkabwerera.

Ulendo womaliza ndinapeza anthu ovala majombo akutunga madziwo m'timabotolo, ena akubzala mabango. Mayi wina wachizulu pagulupo ataona mimba yanga ndi dothi kukamwa, anataya botolo nandithamangira akukuwa. Mosakaniza Chizulu ndi Chingerezi anandiuza kuti madziwo amachucha m'migodi yakale, kuti iwo akubzala mabango kuti azisefa poizoni asanafike kumtsinje, ndipo poizoniyo amatsalira m'dothi lomwelo. Kenako anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndinamvapo chule pamenepo.

Ndinatchera khutu. Zii! Popanda chule, popanda tombolombo, ngakhale mbalame imodzi. Dambo lanji lopanda phokoso? Miyezi yonseyo ndinali ndisanazindikire, chifukwa maso anga ankaona kwathu. Nthawi yomweyo mwana anagunda m'mimba. Ndinadzisanzitsa ndi chala mpaka kukhosi kunatuluka magazi, koma la miyezi yapitayo ndikanalisanza bwanji?

Mwanayo anabadwa wamkazi, kakang'ono ngati botolo, tsitsi lambiri ngati la mayi anga. Sanayamwe bwino. Mwezi usanathe tinakamuika kumanda a ku Joni komweko, pakati pa anthu osawadziwa. Adokotala sananene kuti ndi dothi, amuna anga mpaka imfa yawo ankati ndi chifuniro cha Mulungu, koma ine ndimakhulupirira kuti ndi dambo lodwala lija.

N'chifukwa chake pano kumudzi amanditcha wolongolola, poti ndimakangana ndi aliyense wotsukira mpope wa mankhwala a kudimba m'dambo lathu, kapena wotentha mabango. Alongolole okha! Inu atsikana amene mukukhamukira ku Joni, mukaima musakumbe dothi la kumeneko, chonde, tumizani uthenga likwere basi kuchokera kuno. Ndipo otsalafe tisamale madambowa, kuti dothi likhalepo loti titumize. Wanga uja bwenzi pano ali ndi ana ake, koma ngakhale manda ake sindingawalozenso.