Chaka Chimene Ndinkatsuka Makasu

Khasu la mayi linkawala ngati mbale ya alendo. Ndikamakumbukira nyengo imeneyo, limayamba kubwera m'maso ndi khasulo, litatsamira pamtengo wa papaya kuseri kwa nyumba, dzuwa likuthwanima pamenepo. Wolitsuka ndinali ine. Loweruka lililonse ndinkasenza makasu atatu, chikwakwa, chikwanje ndi mpeni wosendera chinangwa kupita nazo kukhwawa, n'kumazikwecha ndi mchenga mpaka zala kutuluka matuza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anzanga a kusukulu ankandinena kuti kwathu makasu timadyera.

Tinkakhala kumunda, mbali ya ku Mongue, nyumba imodzi yokha pakati pa nandolo. Ukafuula pakhomo pathu, zokuyankha zinali mbuzi. Amalume, mlongo wawo wa mayi, ankakhala kwa akazi awo kutsidya kwa dambo, koma m'mawa uliwonse ankawoloka ndi khasu paphewa kudzalima nafe. Lamulo lotsuka zitsulo anaika ndi iwo, ndipo linali ndi chifukwa chake.

Chaka cham'mbuyo mwake mayi anabereka mwana wamwamuna. Anabadwa wonenepa, wolira ngati wamkulu. Tsiku lachisanu anasiya kuyamwa. Nsagwada zinauma, kamwa osatseguka ngakhale kulowetsa chala, timanja tinafumbata, kathupi n'kumapindikira kumbuyo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapita. Anakamuika amayi okhaokha kumapeto kwa munda, popanda kulira mokweza, monga zimakhalira ndi khanda lomwe silinatuluke m'nyumba. Ine anandituma kukathyola chisoso kuti ndisaone, ndipo pobwera ndinapeza pamphasa palibe kanthu. Bambo anakhalako mpaka kukolola, kenako anawoloka malire pa Muloza kukathyola tiyi, atasiya mayi ali ndi pakati pena. Ananena kuti abwera mvula isanagwe.

Amalume anafunsafunsa mpaka anamva kuti azamba anadula mchombo wa mwana ndi lezala lakale, la dzimbiri. Basi mlandu unathera pomwepo. "Kafumbata amakhala m'dzimbiri," ankatero, "chotsani dzimbiri, mwachotsa matenda." Anapalasa njinga mpaka ku Milange kukagula lezala latsopano, n'kulisunga m'pepala lake kudikira tsiku la mayi. Lero ndikudziwa kuti kachilomboko kamakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kamalowera pabala lililonse, ngakhale pamchombo wa khanda akaupaka zinthu zosayera. Munda sungautsuke ndi mchenga. Komabe sindinena kuti amalume anali munthu wopusa. Anaona mwana wa mlongo wawo akufa ali chifumbatire, ndipo anagwira chimene manja awo akanatha kugwira.

Za katemera zinabwera ndi ine kuchokera kusukulu. Aphunzitsi athu anali mayi wochokera kunyanja yamchere, wolankhula Chinyanja chokhotakhota chomwe tinkachiyeseza akatembenuka. Nkhani ya mwana wathu anaimva. Tsiku lina titaweruka anandigwira paphewa. "Ukawauze mama ako apite ku posito, kachipatala kaja, akabayitse vasina ya kafumbata. Akabayidwa iwo, mwana amatetezeka ali m'mimba momwemo. Kawiri, wamva? Kamodzi sikukwana."

Ndinakafotokoza mayi akupeta nandolo, amalume ali pambali kumata chubu cha njinga. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Achemwali, tandiuzani, jekeseni wanji wosankha akazi okhaokha? Ine ndimaponda minga tsiku ndi tsiku, bwanji sandiitana? Ameneyo ndi wotseka mimba. Mbumba yanga yatsala inu ndi kamtsikanaka. Akakutsekani nonse awiri, ife tathera pompano."

Mayi anapitiriza kupeta. Mankhusu okha ndi amene ankauluka.

Patapita masiku angapo anandidzutsa kuti tikagulitse nandolo kumsika. Tinayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo, iwo dengu pamutu, ine kathumba. Titagulitsa sanalowere njira yakwathu. Anandikokera kuseri kwa msika, kukanyumba kopaka laimu komwe amayi apakati anandanda pakhonde. Mkati munkanunkha mankhwala otsukira mabala, fungo lolasa m'mphuno. Anamwino anawabaya mayi paphewa, kenako anayang'ana phazi langa lomwe linali ndi bala la chitsa, n'kufunsa ngati ndinabayidwapo. Mayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndikuganiza kuti mawu a amalume anali akuwalirabe m'khutu. Kenako anangoti, "Nayenso m'bayeni."

Anatipatsa khadi lolembapo tsiku loti tidzabwerenso. Mayi sankadziwa kuwerenga, ndipo m'nyumba mwathu munalibe pobisa chinthu, poti amalume ankalowa paliponse kusaka dzimbiri. Analilowetsa pakati pa kope langa la masamu. "Amalume ako akafunsa, tinakagulitsa nandolo basi."

Chinsinsi chimalemera kwa mwana. Mkono unatupa masiku awiri ndipo ndinkaubisa m'nsalu ngati ndaba. Kusukulu ndinasiya kusewera fulaye, nthawi yopuma ndinkangokhalira thumba langa la mabuku pansi pa mtengo wa mango. Ana a amalume, omwe ndinkayenda nawo pobwerera, ndinayamba kuwathawa poopa kuti pakamwa pangandipereke. Ndinkadutsa ndekha njira yam'dambo, udzu wouma ukundikanda m'miyendo. Kunyumba nako mayi anali atasanduka munthu wa mawu awiri patsiku. Ndinasungulumwa kwambiri nyengo imeneyo, ndipo ndinalibe womuuza chifukwa amene ndikanamuuza ndi yemwe anandisenzetsa katunduyo.

Chimene tonse awiri tinaiwala n'chakuti amalume ankapichira fodya wawo m'mapepala a makope anga. Ankang'amba la pakati, n'kumanena kuti pepala la masamu limapsa bwino kuposa la Chipwitikizi. Masana ena tili pamthunzi titaweruka kumunda, anatenga thumba langa monga mwa masiku onse, ndipo khadi lija linagwera pamiyendo pawo. Analitembenuza uku ndi uku. Chipwitikizi cholemba sankachidziwa.

"Iwe, tawerenga apa."

Ndikanatha kunena kuti ndi pepala la kusukulu, ndipo akanakhulupirira. Koma m'kalasi mwathu wowerenga bwino ndinali ine, ndipo chiyambire sukulu panalibe munthu wa pakhomo amene anandipemphapo kuti ndimuwerengere kanthu. Mtima unadumpha ndi kunyada, chinsinsi chonse n'kuuluka. Ndinaimirira ngati pamaso pa aphunzitsi n'kuwerenga mokweza, dzina la mayi, dzina la katemera, ngakhale tsiku lodzabwereranso. Ndinazindikira ndikumaliza mzere womaliza, nditaona mayi ataima chilili ndi chikho cha madzi m'manja.

Amalume sanakalipe. Anapinda khadilo bwinobwino n'kulibwezera m'kope. "Ndiye kuti mwapeza achimwene ena ku posito," anatero kwa mayi. Anatola khasu lawo n'kuwoloka dambo. M'mawa mwake sanabwere, ndipo nyengo yonse yolima sanapondenso pakhomo pathu.

Ndinadikira ndodo tsiku lonse. Ndinkaifuna ndithu, kuti nkhani ithe. Mayi anangoti, "Wawerenga bwino," n'kukamanga mbuzi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mkwapulo uliwonse umene ndinalandirapo.

Ulendo wachiwiri wa ku posito tinapita poyera, kudutsa pafupi ndi nyumba ya amalume. Akazi awo anatiyankha moni atayang'ana kumbali. Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Munda umene tinkagalauza atatu tinatsala awiri, mayi ndi mimba yofika pakhosi, ine ndi kakhasu kofupika mpini. Dothi linkatentha kumapazi ngati phulusa la moto. Mayi ankalima mizere iwiri n'kugwira m'chiuno, kuyang'ana njira yochokera kumalire. Bambo anatumiza mchere ndi sopo kudzera mwa wamalonda wina wa panjinga, koma iwo eni sanaoneke. Nditafunsa ngati ndileke kutsuka makasu poti wotiikira lamulo anatitaya, mayi anati ndizitsukabe. Ndikuona kuti nawonso sankadziwa kuti pakati pa mlongo wawo ndi anamwino wolondola ndani, ndiye anangogwira zonse ziwiri.

Matenda a uchembere anawayamba mayi mvula yoyamba itagwa masiku atatu osakata. Msewu unali phala, za ku posito panalibe. Ndinathamanga kukaitana azamba. Tikufika, tinapeza akazi a amalume ataima pakhonde, atanyowa, lezala lija lili m'manja m'pepala lake. Anapereka kwa azamba n'kubwerera osalowa. Mwana anabadwa wamkazi. Azamba atafuna kupaka phulusa pamchombo monga ankachitira ndi ana onse, ndinamva mayi akukana ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Azamba anachoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amaphunzitsa owabereketsa.

Ndiye anayamba masiku a chikuta, pamene mayi ndi khanda satuluka mpaka mchombo utagwa. Mwana ngati ine sankayenera kulowamo, koma panalibe wina wotunga madzi kapena kuphika phala. M'nyumba munali mdima ngakhale masana, fungo la utsi ndi nsalu zosauma, denga likudontha pakona. M'menemo ndinaona chinthu chimene chinandidetsa mtima. Mwana akagona bwinobwino, mayi ankamutsina pantchafu. Kakhanda kankadzidzimuka n'kulira kukamwa kuli yasa, iwo n'kumakayang'anitsitsa osakatonthoza, kenako n'kukapatsa bere. Pakapita kanthawi, kakagonanso, ankabwereza. Tsiku lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi anachita zimenezi kosawerengeka, mpaka pantchafu panafiira. Sankamuimbira, sankamutchula dzina lililonse, ndipo phala lomwe ndinkawapatsa linkazizira m'mbale.

Ndinadana nawo mayi anga masiku amenewo, ndinene zoona. Ndinkaganiza kuti akulipsira mwana chifukwa cha bambo amene sanabwere, amalume amene anatisiya, ndi munda umene theka lake linagona. Ndipo poti amalume anachoka chifukwa cha pakamwa panga, ndinaona kuti kamwanako kakulandira chilango changa. Tsiku lachisanu ndi chitatu, dzanja lawo likupita pantchafu paja, ndinaligwira ndi manja anga onse awiri.

"Mama, musiyeni. Wolakwa ndine, tsinani ine."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba m'miyezi yonseyo. Phokoso langa linadzutsa mwana, ndipo analira yekha, mokweza, kukamwa konse pululu. Mayi anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kulira kokweza kumene sanaloledwe chaka chija. Anandikokera pachifuwa pawo pamodzi ndi khandalo, ndipo tinalira atatu m'nyumba yodontha.

Mng'ono wangayo alipo, ndi mayi wa ana ake tsopano, ndipo pakamwa pake sipatsekeka mpaka lero. Koma tsiku limenelo ine ndinatuluka m'chikuta ndikukhulupirira kuti ndawagonjetsa mayi, ndapulumutsa mwana ku nkhanza zawo. Sindinkadziwa kuti khanda logona mwakachetechete linali chinthu choopsa kwambiri chimene mayi anachionapo, ndipo kuti pomutsina paja ankangofunsa funso limodzi lomwe analibe wina woti awayankhe: kodi kamwa ikutsegukabe?