Chimanga cha mu Utsi

Ndikakumbukira a Chisale, chimene chimayamba kundifika ndi utsi wa mbaula yawo, utsi wa nthambi zimene ankadulira m'mayadi a mabwana ku Primrose n'kubwera nazo panjinga zisanaume n'komwe, moti ukalowa mu mkhukhu mwawo, kanyumba ka malata, misozi inkatsogola moni asanatuluke pakamwa. Mkhukhu wawowo unagundana malata ndi wathu ku Makause, ndipo iwo akatsokomola m'mawa, ife tinkadziwa kuti kwacha. Sanali agogo anga enieni. Koma ku Joni mwana amatola agogo pamene wawapeza, ndiye ine ndinatola iwowo, nkhalamba yayitali ya ku Ntcheu, ya zikhatho zokhakhala ndi pakamwa posatha madandaulo.

Pamwamba pa mbaulayo panali waya, ndipo pa wayapo pankalendewera zitsononkho za chimanga zomangidwa ndi makoko ake omwe, zakuda bii ndi mwaye. Ife ana tinkaloledwa kugwira chilichonse m'nyumbamo, ngakhale wailesi, koma osati chimangacho.

Lamlungu masana, anthu akabwera kotchalitchi, anzawo ogwira ntchito ya m'magadeni ankasonkhana kuseri kwa mkhukhuwo, aliyense pa kreti yake. Ine mayi ankandituma kukapereka tiyi, ndipo ndikapereka sindinkabwerera msanga, chifukwa kudandaula kwa azibambo amenewo kunkakoma kuposa wailesi. Amene sankajomba anali a Tembo, bambo wamfupi wa ku Chipata, amene akazi awo ankawotcha mapazi a nkhuku ndi chimanga pa renki ya mataxi. A Tembo ndi a Chisale sanagwirizanepo pa kanthu kalikonse ine ndikumva.

"Mvula ya kuno ilibe ulemu," ankayamba choncho a Chisale. "Kwathu imayamba yagogoda, chizimalupsa, munthu n'kukonza khasu. Kuno imangofika ndi matalala ngati apolisi."

"Inu mukulira mvula," a Tembo ankawadula. "Madamu anga agula udzu wa pulasitiki. Sumera, sufuna madzi. Manje ine ndizitchetcha chiyani?"

"Muziuchapa ndi sopo."

"Eish, musaseke. Mawa ubwera kwa abwana anu."

Kuchoka apo nkhani inkalowa pa nkhono zimene zinkatha maluwa usiku. Madamu a a Chisale ankakana mankhwala, ati aziikira nkhonozo mowa m'kambale kuti zizimira momwemo, ndipo nkhani imeneyi inkawapweteka mumtima. "Nkhono zikumwa mowa wa m'firiji, ine ndikumwa madzi a papaipi!" Ankadandaulanso za mfuko zimene zinkatukula kapinga, za chisanu cha mu Juni chimene chimawotcha masamba ngati padutsa moto, za makina opemerera zinyalala amene ankati si kusesa koma kukankhira mavuto kwa neba, ndi za anyamata a masiku ano amene amathirira maluwa dzanja lina lili pa foni. Palibe chimene chinkakonzeka pa makreti paja, koma aliyense ankanyamuka mtima utapepuka.

Pa nkhani zonsezo, imene sinkatha inali ya chimanga chija. A Chisale anali ndi kamunda kawo m'munsi mwa chulu cha mchenga wachikasu wa mgodi wakale, ndipo ankadzalamo chimanga cha makolo chokhachokha, chotalika kuposa denga, chochedwa kucha. Akakolola ankasankha zitsononkho zabwino n'kupachika pa waya paja, kenako n'kupatsa mnzawo aliyense chimodzi. A Tembo ankalandira chawo ndi zala ziwiri.

"Chimanga chanuchi chimacha mwini wake atafa ndi njala. Mbewu yabwino ili m'shopu, ya m'paketi. Ichi ndikapatsa nkhuku."

"Perekani, nkhukuzo zili ndi nzeru kuposa inu."

Chifukwa chimene a Chisale ankachikondera chimangacho ndinachimva tsiku lina tikutong'ola mbewu ine ndi iwo. Anandiuza kuti pamene ankanyamuka kwawo, akazi awo, a Naphiri, anatapa chimanga cha m'munda mwawo n'kuwamangira pa kansalu, ati akadye chokazinga m'njira. Iwo sanadye. Patapita zaka a Naphiri anamwalira, ndipo a Chisale sanapite kumaliro chifukwa mapepala awo sanali bwino, akanatuluka sakanalowanso, pamene ana kumudzi ankadya za m'manja mwawo. "Manda awo sindinawaone," anatero, maso ali pa lichero. "Ndiye chaka chilichonse ndimawadzala pano, n'kuwaona akumera." Ndinali wamng'ono, koma ndinamva chisoni chimene sindinadziwe pochiika.

Chaka china, nyengo yozizira itangoyamba, moto unabuka kumunsi kwathu n'kupsereza mikhukhu ingapo. Anthu a mzere wathu anagwirizana kuti mbaula isalowenso m'nyumba, ndipo mwana wa a Chisale, amene anali atabwera n'kupeza ntchito m'mafakitale a ku Spartan, anawagulira sitovu ya gasi. A Chisale anainyoza sabata yathunthu, ati moto wanji wopanda phulusa, kenako anaikonda mwakachetechete. Chifuwa chawo chinapepuka, zovala zinasiya kununkha, tiyi ankapsa asanamalize kumanga nsapato. Zitsononkho za chaka chimenecho anazipachika pa waya womwe uja monga mwa masiku onse, zoyera mbee, ndipo palibe anaganizapo kanthu. Kwawo mbewu imakhala pamwamba pa moto, basi. Zakuti mlonda wake ndi utsi, osati waya, munthu amene wakhala mu utsi moyo wake wonse saziganiza.

Mvula yoyamba itagwa a Chisale anandiitana kuti tikatong'ole. Anamasula chitsononkho chimodzi, ndipo atangochigwedeza munathothoka fumbi loyera ngati ufa, tizilombo takuda tikuyenda m'zala zawo. Anali anankafumbwe. Anamasula china, n'chimodzimodzi. Njere iliyonse inali ndi kabowo, ndipo ukaifinya inkangophwanyika. Tinathira zonse m'beseni la madzi kuti mwina zamoyo zimire, koma zonse zinayandama. A Chisale anakhala pansi n'kumayang'ana besenilo, ndipo chimene chinandiopsa n'chakuti sanadandaule.

Lamlungu lake anakhala pa kreti yawo ngati mlendo. A Tembo anayamba za mfuko, osayankhidwa. Anayesa za mowa wa nkhono, a Chisale anangoti, "Eya." Mayi anga ndi amene anafotokoza za anankafumbwe aja, atabwera kudzatenga makapu.

"Si ndinkanena ine," anatero a Tembo. "Ya m'paketi imabwera ndi mankhwala ake."

Atatero ananyamuka n'kumapita, tiyi osamaliza. Ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo ndinalumbira kuti kapu yawo sindidzaikamonso shuga.

Dzuwa litapendeka tinawaona akubwerera, thukuta lili kamukamu, atanyamula jumbo. Anaiponya pamiyendo pa a Chisale ngati munthu wotaya zinyalala. M'katimo munali zitsononkho, zakuda bii, zonona ndi mafuta a mapazi a nkhuku, zina zakale zouma gwa, china cha chaka chomwecho. Zaka zonsezo ankazipachika pansi pa lata la pamalo pamene akazi awo ankawotchera pa renki, pamene utsi sunkazima.

"Nkhuku zinakana," anatero a Tembo.

A Chisale anatong'ola njere imodzi n'kuiluma. Inalira kuti khu, yolimba ngati mwala. Anatembenukira kwa mnzawoyo.

"Ndiye mwakhala mukunditukwanira chimanga changa muli nacho?"

"Ndipo ndidzachitukwanabe. Chimachedwa."

"Anthu a ku Chipata mulibe khalidwe."

"Dzalani, madala, mvula ikupita."

A Chisale ananyamula jumboyo n'kulowa m'nyumba, ine pambuyo ndi lichero. Ndinawapeza ataima pafupi ndi sitovu ya gasi ija, yozimitsa, akupukuta m'maso ndi chipewa. Atandiona anati, "Utsi uwu, mwanawe." M'nyumbamo munalibe utsi ngakhale pang'ono, ndipo ine ndinavomera kuti inde, ukuwawa.

Chinamera chimangacho, ndipo Lamlungu lotsatira madandaulo anabwerera m'malo mwake. A Chisale anati mbewu yakhala pa renki yaphunzira mwano, ikumera mopotoka. A Tembo anati ikufanana ndi mwini wake. Shuga ndinawaikira masupuni awiri.

Onse awiri anapita kale. A Chisale anadzabwerera ku Ntcheu atakalamba kwambiri, ndipo ndinamva kuti anawaika pafupi ndi a Naphiri. Ine ndimakhala ku Vosloorus, m'nyumba ya magetsi yopanda mwaye ngakhale pakona, ndipo kuseri ndili ndi mizere ingapo ya chimanga chimene chimasuzumira kwa aneba pamwamba pa mpanda. Ana anga amaseka, ati mayi amalima chimanga chochedwa pamene shopu ili pafupi. Nanenso ndayamba kudandaula za matalala ndi nkhono, mawu ake omwe aja, mpaka ndimadzidabwa.

Ndikakolola ndimasankha zitsononkho zabwino, n'kupita nazo kwa mayi wina wowotcha nyama pa renki kuti andipachikire pansi pa lata lake. Poyamba ankaganiza kuti ndi mankhwala a bizinesi, pano anazolowera. Koma sindipachika zonse malo amodzi. Chimodzi ndimapatsa neba wanga, bambo wamwano amene amalima sipinachi, ndipo chaka chilichonse amandiuza kuti chimanga changa n'chachikale, akapatsa nkhuku. Ine ndimangomuthokoza, chifukwa nkhuku alibe.